Mboni ya Pachifuwa, ndi Mafunso Oyenera Kufunsidwa Isanagulidwe

Aliyense amene adakulira m'chigwa chathu chino cha Shire, kuyambira kunsi kwa zitunda za Thabwa kufikira ku Marka kumene tichitira malire ndi Mozambique, nakhalako pansi pa msawu kapena mlambe tsiku limene anyakwawa aitanitsa bwalo, adziwa kuti mlandu, ungakhale wa ng'ombe zodya mapira a mwini, ungakhale wa malire a dimba amene madzi osefukira adawafafaniza, suyamba kuyenda kufikira nduna itafunsa funso lija lakalekale lakuti, "Kodi adaona ndani?" Wodandaula angalankhule mokoma bwanji, woimbidwa mlandu angalumbire motani, bwalo limadikira mboni, ndipo mboniyo ikaimirira, akuluakulu sathamangira mawu ake, koma ayamba aifunsa pamene idaima, ngati kudali kowala kapena kwamdima, ndiponso ngati ili pa chibale kapena pa ngongole ndi mmodzi wa otsutsanawo. Makolo athu adadziwa kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, n'chifukwa chake adafuna munthu woona ndi maso ake, wosadya kwa mwini mlandu.

Tsono m'masiku athu ano kwafika mboni yachilendo, yopanda pfuko kapena mbumba, yosadya nsima ya munthu, yosaiwala ngakhale papite zaka. Ndiyo kamera yaing'ono, yosaposa foni ya m'manja kukula kwake, imene wapolisi amaipachika pachifuwa pa yunifomu kuti ijambule zithunzi ndi mawu a zonse zochitika pamaso pake, ndipo akaweruka amaiika pa chotchajira pamene zojambulidwazo zimatsanulidwira m'kompyuta. Maiko ambiri adayamba kale kugula zida zimenezi, mzinda wa Cape Town ku South Africa udaveka kale apolisi ake, ndipo ife amene taona apolisi a pamsewu ataima ndi makina oyezera liwiro la galimoto, ndi makamera atapachikidwa pa makomo a mabanki ndi masitolo, tisadzinyenge kuti nkhaniyi idzatilambalala. Ine mboni imeneyi ndiifuna, ndipo sindibisa. Koma ndinena kuti iyenera kufunsidwa mafunso omwewo amene nduna ifunsa mboni ya pabwalo, ndi kuti nthawi yake yofunsira ndi pamene ndalama zisanatuluke m'thumba la boma.

Apolisi a ku Plymouth, ku England, ndiwo ena mwa oyamba kuyesa makamerawa cha m'ma 2005 ndi 2006, koma mbiri yake idawanda ndi tauni ya Rialto, ku California, kumene m'chaka cha 2012 apolisi adawavala kwa chaka chathunthu akatswiri akuwerengera zotsatira zake, ndipo madandaulo a anthu pa apolisi adatsika ndi 88 pa 100 alionse, pamene kugwiritsa ntchito mphamvu pomanga anthu kudatsika koposa theka. Mu Ogasiti 2014, wapolisi atawombera mnyamata wakuda, Michael Brown, m'tauni ya Ferguson popanda kanema woonetsa chimene chidachitika, dziko la America lidawira ndi zionetsero, kotero kuti Pulezidenti Barack Obama adapempha madola 75 miliyoni othandizira kugula makamera 50,000; ndipo popeza kumeneko apolisi ambiri ndi a makhonsolo a matauni, makhansala ndiwo adakhala pansi ndi kusaina mapangano ndi makampani ogulitsa. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2017 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa mumzinda wa Washington, wokhudza apolisi oposa 2,000, ena ovala kamera ena osavala, ndipo pakati pa magulu awiriwo sipadaoneke kusiyana kwenikweni pa madandaulo kapena pa nkhanza.

Chifukwa chake chimaoneka bwino pa zimene zidachitika ku Chicago. Pa 20 Okutobala 2014 wapolisi adawombera mnyamata wa zaka 17, Laquan McDonald, zipolopolo 16, ndipo kamera ya m'galimoto ya apolisi idajambula zonse; koma kanemayo adakhala wotsekeredwa m'manja mwa akuluakulu a mzindawo miyezi 13, anthu akuuzidwa kuti mnyamatayo ndiye adalunjika kwa apolisi ndi mpeni, kufikira woweruza atalamula kuti atulutsidwe mu Novembala 2015, pamene dziko lidaona kuti mnyamatayo adali kuyenda motalikira kwa iwo. Wapolisiyo adazengedwa mlandu wakupha tsiku lomwe kanemayo adatuluka. Mboni idalipo kuyambira usiku woyamba, koma lilime lake lidali m'thumba la woimbidwa mlandu.

Ife a ku Malawi sitisowa alendo otiphunzitsa kuwawa kwa mlandu wopanda mboni. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adataya miyoyo, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, amene adamangidwa pomuganizira pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission litafufuza lidapeza kuti adazunzidwa. Motero pakamwa pamene pakadatuluka zambiri za mlandu wa mwanayo padatsekedwa kosatha. Mu Okutobala chaka chomwecho amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika adagwiriridwa ndi kuchitidwa zamanyazi ndi apolisi, ndipo padatengera kulimba mtima kwa 18 mwa iwo, pamodzi ndi maloya achizimayi amene adawaimirira, kuti Khoti Lalikulu, kudzera mwa woweruza Kenyatta Nyirenda, ligamule mu Ogasiti 2020 kuti apatsidwe chipukuta misozi. Chilamulo cha Mose chidakana kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi yokha, ndipo nkhani ya Naboti, amene adaphedwa chifukwa cha munda wake wa mphesa pa umboni wa anthu ogulidwa, itikumbutsa kuti wamphamvu akafuna kubisa choipa ayamba wagwira pakamwa pa mboni.

Koma ndikadakhala wosalungama ndikadaiwala kuti zoopsa za ku Msundwe zidayamba tsiku limene wapolisi, Usumani Imedi, adaphedwa ndi miyala ya gulu la anthu ali pa ntchito yake, ndi kuti mu Malichi 2016, m'boma lathu lomwe lino la Nsanje, anthu 7 adatenthedwa ndi gulu powaganizira kuti adali ndi mafupa a anthu, osapatsidwa mpata wakudziyankhira pamaso pa woweruza. Wapolisi wa kuno ndi mwana wa munthu, amaima pa tala dzuwa lopitirira madigiri 40, amatsata mapazi a ng'ombe zobedwa m'tchire usiku, ndipo iyenso amanamiziridwa.

Tsiku lina m'nyengo ya chilimwe, dzuwa litapendeka koma nthaka ikali kutentha ngati chiwaya, ndidapeza anthu ataunjikana pa rodibuloko ina, njinga yamoto ya kabaza itagona chammbali, dengu la makakana ouma litakhuthukira m'fumbi, ndipo mayi mwini nsombazo atagwada akutola imodziimodzi ndi kuzipukuta pa chitenje. Mnyamata wa kabazayo, mawu akunjenjemera, ankati, "Bwana, ndalama yanga ija mwalandira, nanga lisiti ili kuti?" Wapolisiyo, thukuta lili kamukamu, adati, "Achimwene, musandinamizire pagulu. Ndakuimitsani, inu n'kufuna kuthawa, mwagwetsa nokha katundu wa amayiwa." Ndipo adatembenukira kwa mayi uja nati, "Mayi, inu mwaona chiyani?" Mayiyo, osadzutsa nkhope, adangoti, "Ine, bwana, ndimayang'ana nsomba zanga." Anthu tidabalalika, yense atakhulupirira amene mtima wake udamukonda kale, ndipo mmodzi wa amuna awiriwo adapita kwawo atalakwiridwa, popanda bwalo lomuyeretsa. Pamalo otere ndi pamene ndiifunira kamera, kuti itchinjirize wa kabaza kwa wapolisi wosakhulupirika, ndi wapolisi wokhulupirika kwa wa kabaza wabodza.

Tsono nzika iyenera kudziwa poyamba kuti apolisi ndi a yani, pakuti wosadziwa mwini ng'ombe sadziwa kokadandaula ikamudyera mbewu. Kuno kwathu khonsolo ilibe apolisi akeake monga ku America. Malamulo Aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, adakhazikitsa gulu limodzi la apolisi la dziko lonse, lotsogozedwa ndi Inspector General, amene amasankhidwa ndi Pulezidenti ndi kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Likulu lawo lili ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo ndalama zawo amazivomereza ndi aphungu m'bajeti ya chaka ndi chaka. Choncho makamera a pachifuwa akamadzagulidwa ochuluka, khomo lake lalikulu lidzakhala limenelo, ndipo wofunsidwa woyamba ndi phungu wa dera lanu. Koma lilipo khomo lachiwiri, la khonsolo ya Chikwawa ndi ya Nsanje, pakuti ndalama za chitukuko cha m'madera, monga za thumba la CDF, zakhala zikumanga mapolisi aang'ono ndi nyumba za apolisi m'madera ambiri a dziko lino, ndipo dzanja limene lamanga nyumba likhoza mawa kupemphedwa kugula njinga yamoto, kompyuta, kapena makamera oyang'anira msika wa Nchalo, wa Ngabu kapena wa Bangula. Khomo lachitatu ndi la mphatso, pamene kampani kapena bungwe lakunja lipereka zida mwaulere. Ndipo mphatso yotere tiilandire ndi manja awiri monga mwa mwambo wathu, koma tifunsebe amene adzaidyetsa mwini mphatso atapita, ndi amene adzaona zojambulidwazo.

Makomo onsewa atsegukira ku thumba limodzi, ndilo la anthu. Mayi wogula mchere ndi sopo wapereka msonkho, wogulitsa mbuzi pa msika wadula chiphaso cha khonsolo, wodula nzimbe ku Nchalo wadulidwa msonkho pa malipiro ake. Ndipo ndime 12 ya Malamulo Aakulu iphunzitsa kuti onse okhala pa maudindo a boma asungira anthu mphamvu za maudindowo, monga kapitawo asungira mwini munda, kotero kuti kufunsa m'mene ndalamazo zayendera si mwano kapena kuderera akuluakulu, koma ndi mwini chuma kuitanitsa chiwerengero cha chuma chake.

Kagulidwe ka katundu wa boma kali ndi malamulo ake, ndipo bungwe la PPDA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, ndilo liyang'anira kuti atsatidwe. Njira yoyenera pa katundu wa ndalama zambiri ndi tenda yolengezedwa poyera, kuti amalonda apikisane ndipo boma lisankhe wa katundu wabwino pa mtengo woyenera. Pa katundu wochepa amaitanitsa makotesheni kwa amalonda angapo. Ndipo kugula kwa wamalonda mmodzi popanda mpikisano kumaloledwa pa zifukwa zowerengeka zokha, zimene ziyenera kulembedwa. M'khonsolo iliyonse ndi m'nthambi iliyonse ya boma muli komiti ya zogulagula imene imavomereza zimenezi, ndipo mabuku ake amayenera kuonedwa ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma. Apa ndichenjeze abale anga kuti mawu akuti "za chitetezo" akhala chinsalu chobisira zambiri. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB lidatulukira poyera, lonena kuti kontirakiti ya chakudya cha apolisi, ya ndalama zoposa K2 biliyoni, idakwezedwa mtengo itasainidwa kale. Ndipo mu Juni 2022 mkulu wa apolisi m'dziko lonse adachotsedwa pa mpando nagwidwa ndi bungwe lomwelo pa nkhani yokhudza makontirakiti a katundu wa apolisi. Kuweruza milandu imeneyi n'kwa makhoti, sikwanga. Changa ndi kunena kuti mtengo wa kamera suli chinsinsi cha nkhondo, ndipo chida chogulidwa kuti chibweretse kuwala chikagulidwa mumdima chayamba ndi kudzitsutsa chokha.

Pali chinanso chimene ogulitsa sachitchula msanga. Walira mvula walira matope. Ndipo ife oweta ng'ombe tidziwa kuti mtengo wa thole sutha tsiku logula, pakuti mawa lake lifuna mbusa, dibi, khola ndi mankhwala. Ndalama zambiri za makamerawa sizipita pa kabokosi kovala pachifuwa kaja, koma pa kusunga makanema, popeza wapolisi mmodzi ajambula maola ambiri pa tsiku, ndipo makampani akuluakulu monga Axon ya ku America amalipiritsa chaka ndi chaka posungira makanemawo m'makompyuta awo kudzera pa intaneti. Malipiro amenewo ndi a madola. Ndipo amene akumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi adzazindikira kuti pangano lotere likhoza kukula usiku umodzi ngati dzungu la m'dimba. Onjezanipo za kwathu kuno: namondwe Ana mu Januwale 2022 adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, pamutu pa chigwa chathu, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, namondwe Freddy mu Malichi 2023 adadula misewu ndi milatho, ku Makhanga ndi kwa Nyachikadza nyengo ya madzi kumafikika ndi bwato, ndipo m'madera ena a kwa Chapananga munthu amakwera chulu kuti foni igwire netiweki. Kamera yopanda moto m'batire ndi chokongoletsera yunifomu chabe. Ambuye adaphunzitsa za womanga nsanja kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera ngati adzaitsiriza. Momwemonso khansala kapena phungu asanakweze dzanja kuvomereza, afunse mtengo wa zaka zisanu zonse, afunse ngati pali sola yotchajira, afunse amene adzakonza zikafa ndi fumbi ndi kutentha kwa kuno, ndipo afunsenso chimene chidzasiyidwe kuti ichi chigulidwe. Pakuti m'maboma awiri a anthu oposa 860,000, monga mwa kalembera wa 2018, momwe wobedwa ng'ombe kawirikawiri amamva kuti galimoto ilibe mafuta, nzika ili ndi ufulu wonena kuti mafutawo ayambe. Maganizo anga ndi akuti ngati ndalama zili zochepa, makamera oyamba apite m'zitokosi, m'zipinda zofunsira mafunso ndi pa marodibuloko, pakuti m'menemo ndi m'mene munthu amatsala yekha ndi mphamvu ya boma.

Tifike tsono pa mafunso a nduna, amene ali mtima wa nkhani yonse. Ndani ayatsa kamerayo, ndipo ndani aizimitsa? Ngati wapolisi ali ndi ufulu woyatsa pomwe wafuna, ndiye kuti mboni idzaona chipongwe cha nzika chokha, ndi kutsinzina pa nthawi ya kofi ndi chibonga. Lamulo la kagwiritsidwe kake liyenera kulembedwa zida zisanafike, lonena kuti kamera iyake nthawi iliyonse wapolisi aimitsa, asecha kapena amanga munthu, ndi kuti wozimitsa popanda chifukwa alangidwe, ndipo khoti lidziwitsidwe kuti idazimitsidwa. Ndani asunga makanemawo? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kanema wosonyeza kulakwa kwa wapolisi akasungidwa ndi mkulu wa polisi yomweyo, amene mbiri yake idzadetsedwa naye limodzi, tisadzadabwe kumva kuti kompyuta idafa. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu pa apolisi, la Independent Complaints Commission, lokhala ndi mphamvu yofufuza imfa kapena kuvulala kwa munthu m'manja mwa apolisi. Padapita zaka khumi bungwelo lisanayambe ntchito, ndipo tsopano pamene lilipo, n'koyenera kuti likhale ndi kiyi wakewake wa nkhokwe ya makanemawo, losachita kupempha kwa amene likuwafufuza. Asungidwa nthawi yaitali bwanji? Mlandu suola, ndipo munthu wa kumudzi amatenga masabata kuti apeze ndalama yoyendera ndi wina womulembera dandaulo; kanema wofufutidwa patatha masiku ochepa adzafa mwini dandaulo asanafike pakhomo.

Koma mboni yosaphethira ili ndi kuopsa kwakenso, ndipo pano ndipempha owerenga adekhe. M'miyezi yotentha ife a m'chigwa timagona pakhonde ndi pabwalo, ana ali chimbulanda, amayi atangodzikulunga kansalu. Wapolisi wolowa m'mudzi usiku kufuna munthu mmodzi adzajambula mbumba yonse m'kusavala kwake. Mtsikana wogwiriridwa wofika ku ofesi yothandiza ozunzidwa, mkazi wothawa nkhanza za mwamuna, munthu wonong'oneza apolisi kumene kwabisidwa ng'ombe zobedwa, ngakhale abale athu a ku Mozambique amene adathawira ku Nsanje kumapeto kwa 2024 chifukwa cha zipolowe za pambuyo pa chisankho kwawo, onsewa nkhope zawo zikatuluka ndi kuyamba kuyenda pa WhatsApp ndi Facebook, ena adzanyozeka moyo wawo wonse, ena adzaphedwa kumene. Madzi akatayika saoleka. Ndime 19 ya Malamulo Aakulu iteteza ulemu wa munthu, ndime 21 iteteza chinsinsi cha munthu, nyumba yake ndi mauthenga ake, ndipo mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ndi zithunzi za anthu zosungidwa ndi ena, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene mfundo yake ndi yakuti zotoleredwa pa cholinga china zisagwiritsidwe ntchito pa china, ndipo zisasungidwe kopitirira kufunika kwake. Mfundo zimenezi zilembedwe momveka m'pangano logulira zidazo: kuti wozunzidwa akhoza kupempha kamera izimitsidwe ndipo pempho lakelo lijambulidwe, kuti wotulutsa kanema mwamseri achotsedwe ntchito ndi kuzengedwa mlandu, ndi kuti makamera a pamsika asasanduke diso la andale lowerengera amene adapita ku msonkhano wa chipani chiti, popeza ndime 158 iletsa apolisi kutumikira chipani.

Ndisanapitirire ndikumbutse kuti ufulu wa womangidwa sudikira kamera. Ulipo lero lino pa polisi iliyonse ya m'chigwa muno, ndipo ndime 42 ndiyo iufotokoza. Womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chilankhulo chimene amva, kaya ndi Chisena kaya ndi Chimang'anja. Auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Asakakamizidwe kuvomera mlandu. Aloledwe kuonana ndi loya, ndipo wosauka akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Aloledwe kuchezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, abale, dokotala ndi mtsogoleri wa chipembedzo chake. Ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likhala ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Chindapusa cha pamsewu chili ndi lisiti ya boma. Kuyambira mu Januwale 2017, pamene Khoti Lalikulu lidagamula mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene adamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake, ndime ya lamulo la vakabu imene ankamangira anthu pongowapeza akuyenda idathetsedwa. Lamulo la apolisi lomwe lija lidalolanso kuti anthu wamba osankhidwa m'dera aziyendera zitokosi ndi kuona m'mene osungidwamo akukhalira. Amenewa ndi maso amene tili nawo kale, osafuna batire, ndipo tifunse ngati pa polisi yathu alipo ndi kuti adayenderako liti.

Foni ya m'thumba mwanu nayonso ndi mboni. Imfa ya George Floyd ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020 idadziwika padziko lonse chifukwa cha mtsikana wa zaka 17 amene adaima m'mbali mwa msewu najambula osasuntha, ngakhale apolisiwo adali atavala makamera awo. Wojambula aime patali, asatchinge wapolisi pa ntchito yake pakuti kutero ndi mlandu, asatukwane, ndipo kanemayo apite naye ku bungwe lolandira madandaulo lija kapena la ufulu wa anthu asanaganize zomumwaza pa intaneti, makamaka ngati muli nkhope ya mwana kapena ya wozunzidwa. Ndipo tidziwiretu kuti kamera ya pachifuwa iyang'ana kwa ife. Idzaona dzanja lopinda ndalama m'kati mwa laisensi, idzamva mawu aja akuti "Bwana, tingokambirana," idzazindikira amene adatola mwala woyamba ndi amene adabwera ndi petulo pamene wakuba ng'ombe adagwidwa. Ndipo lamulo la ziphuphu lilanga wopereka pamodzi ndi wolandira. Yohane Mbatizi adalangiza asilikali kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Ife opempha apolisi otere tileke kuwayesa ndi kangachepe.

Njira yofunsira ilipo, ndipo siyamba ku Lilongwe. Nkhani ya chitukuko imayambira ku komiti ya m'mudzi ya VDC, nikwera ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, nifika ku khonsolo, kumene makhansala amene tidawasankha amavomereza bajeti, mafumu ali pomwepo. Ndipo nzika ikhoza kupita kukamvera zokambirana za khonsolo yonse. Safunsa adadya phula, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna. Munthu aimirire pa msonkhano wa ADC, apereke ulemu kwa Gogo Chalo ndi kwa akuluakulu onse monga mwa mwambo, ndipo anene kuti, "Zikomo a wapampando, tamva kuti pali zida zimene zigulidwire apolisi athu, timati tidziwe nawo kuti ndalama zake zichokera thumba liti, tenda yake idalengezedwa kuti, ndipo zojambulidwazo azisunga ndani." Akayankhidwa mozungulira, atsate ndime 37 ya Malamulo Aakulu ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamulolo likhudza khonsolo ndi polisi yomwe, ndipo lilamula kuti ofesi iliyonse ikhale ndi munthu wolandira mapempho otere.

Kalata yake isakhale yaitali. Mulembe dzina lanu, mudzi ndi mfumu yanu, ndi zimene mufuna kuona, monga chikalata cholengezera tenda, maina a makampani amene adapikisana ndi mitengo yawo, pangano losainidwa, ndi malamulo a kagwiritsidwe ka zidazo. Wosadziwa kulemba anene pakamwa kuti wa mu ofesiyo amulembere. Mulembe makalata awiri ofanana, imodzi musiye, inayo aidinde chidindo cha tsikulo ndipo mubwerere nayo kwanu, muisunge m'jumbo pamalo pamene madzi sadzafika. Kuyambira tsiku la chidindolo muwerenge masiku 15 ogwira ntchito. Akatha popanda yankho, kapena akakukanizani popanda chifukwa cholembedwa, mukadandaule kwa mkulu wa ofesiyo, ndipo iyenso akakhala chete, mutengere kalata yodindidwa ija ku Malawi Human Rights Commission, imene lamulo lidaipatsa udindo woyang'anira kuti mapempho otere ayankhidwe.